Nsomba Yoliza ya Asewere

Lachinayi, 2 Januwale. Busan.

Kuzizira kolasa m'mafupa. Mafupa a nkhumba pamoto m'shopu yanga ya msuzi kuyambira mbandakucha, monga masiku onse. Msuzi watha dzuwa lisanapendeke, anyamata a kudoko anabwera gulu.

Taeho wandiwonongera tsiku. Mwana wanga mmodzi yekhayo, zaka 38, imvi zayamba m'mbali mwa makutu, ndipo ndi pano pamene wapeza mkazi. Narae, namwino wa ku Mokpo. Ndinamukonda tsiku loyamba lomwelo atapempha mpunga wachiwiri osachita manyazi. Loweruka la sabata yamawa tikupita kwawo, ku chilumba cha Heuksan, kuti makolo ake akatione, avomere kapena akane.

Ndiye lero ndikutsuka mapoto Taeho wabwera akukanda m'mutu. Akuti bambo ake a Narae, a Mun, msodzi wa hongeo, nsomba ija imene anthu amaidya itaola n'kununkha, ali ndi chilonda mumtima. Mwana wawo wamkulu anakwatiwa ku Seoul, ndipo paphwando azibale a mwamuna atangomva kuti ndi hongeo anagwira mphuno n'kukankhira mbale kutali, mudzi wonse ukuona. Banjalo silinathe zaka ziwiri. Kuyambira pamenepo a Mun analumbira kuti wonyansidwa ndi nsomba yawo satenga mwana wawo.

Chitsiru changachi, chitakumana nawo ku Mokpo mwezi wa Novembala, chinati: "Amayi anga hongeo amaifera. Ikaola kwambiri ndiye amanyambita ndi zala."

Ine ameneyo! Ndinailawa kamodzi kokha pa ukwati wa mnzanga, kalekale, n'kulavulira m'kachikwama ka m'manja. Kachikwamako ndinakataya.

Ndamusasantha ndi chipande pamsana. "Amayi, pakamwa panangoterera." Pakamwa pake, lilime langa.

Loweruka, 4 Januwale

Ndaganiza. Walira mvula walira matope. Zaka khumi ndakhala ndikulira mpongozi, sindingamutaye chifukwa cha nsomba.

Ndiphunzira kuidya. Ndinyamuka Lolemba, pang'onopang'ono kulowera kumadzulo, kudya za m'njira, hongeo kachidutswa tsiku lililonse mpaka mphuno izolowere. Taeho ndamuuza kuti ndikukapuma, tikakumana ku Mokpo Lachisanu. Ndamuopseza kuti akangomuuza Narae zoona zake, ndimuphika pamodzi ndi mafupa.

Achemwali anga a Bokhui avomera kundiperekeza ndisanamalize n'kufunsa komwe. "Alamu ako akazinga okha mazira, sadzafa." Koma anachenjezeratu: "Zina zonse ndidya nawe. Nsomba ya m'chimbudziyo udya wekha, mwana si wanga."

Pepala pachitseko: tatseka masiku khumi. Chiyambire sindinatsekepo kupatula pa maliro a bambo ake a Taeho. Lendi sidziwa kuti mwini shopu akukwatitsa mwana. Zikaoneka komweko.

A Gong ogulitsa mipeni pafupi nafe anawerenga pepalalo kawiri. "Mayi Tak, mukudwala?" Ndinati ayi, ndikupita kusukulu.

Lolemba, 6 Januwale. Jinju.

Basi yofunda bwino. Achemwali anayamba mazira owiritsa tisanatuluke mu Busan, n'kugona pakamwa pali yasa.

Nkhomaliro mumsika, kanyumba kakale ka denga lotsika. Mpunga wosakaniza ndi ndiwo zamasamba, pamwamba nyama ya ng'ombe yaiwisi yoduladula, mafuta a chitowe. Ndinafuna kupezapo cholakwa, sindinachipeze. Mchere ndendende. Msuzi wa magazi wapambali ndiye ukanawira kanthawi kena. Achemwali akuti ndisiye kuyendera makhitchini a eni ngati wa boma.

Kukhala pansi wina akundiphikira. Manja sakudziwa pokhala. Kawiri konse ndadzidzimuka ndikusonkhanitsa mbale za tebulo la anthu ena.

Phunziro loyamba. Kapaketi ka hongeo mumsika momwemo, wogulitsa akuti ndi yofatsa, ya ana. Ndinakatsegulira kuchipinda chogona. Kachidutswa kofiirira, kooneka kosalakwa. Kutafuna kamodzi, palibe. Kachiwiri, palibe. Kachitatu, mphuno yonse yatseguka mpaka kunkhongo, ngati wina watsegula chitseko cha chimbudzi cha padepoti m'mutu mwanga. Timafupa take tofewa tikulira m'mano, osatha kutafunika.

Sindinameze. Koma sindinalavulire m'chikwama, ndinafika kusinki. Kupita patsogolo kumeneko.

Mwini nyumba anagogoda ali ndi ndowa ndi chopopera. "Pepani amayi, kodi chimbudzi chatsekekanso?" Achemwali anaseka mpaka kutsokomola.

Lachiwiri, 7 Januwale. Hadong, kenako Beolgyo.

M'mawa msuzi wa tinkhono ta mumtsinje wa Seomjin. Woyera mbuu, timasamba ta anyezi pamwamba, pansi pa mbale pakuoneka. Kwathu msuzi woonetsa pansi pa mbale kasitomala amakubwezera. Koma unatsika bwino, m'mimba zii. Ndinapempha wina.

Tawoloka mtsinje, tsopano tili kwa anthu a Jeolla. Akulu athu ankati anthu a kuno amalankhula zotsekemera koma sadziwika mtima, iwonso amati ife a ku Busan timakuwa ngati tikukangana ngakhale popereka moni. Za kukuwazo ndi zoona. Dalaivala wa takisi anatifunsa ngati tayambana, ife tikukambirana za nyengo.

Ku Beolgyo tinaitanitsa chakudya cha anthu awiri. Timbale tinayamba kubwera. Khumi. Makumi awiri. Tebulo litadzaza anayamba kusanjikiza. Ndinamugwira mkono mtsikana woperekayo kumuuza kuti walakwitsa tebulo. "Ayi amayi, izi n'zongoyambira." Kwathu timathira mchere n'kuthokoza, basi. Ndachita kansanje, ndisaname.

Nkhono za m'matope, zimene amayi a kuno amakumba atagwada pathabwa, mphepo ikuwomba chonchi. Amaziwiritsa pang'ono chabe, magazi akadalimo. Kutsegula ndi supuni kumbuyo kwake. Achemwali mulu wa zigoba mpaka pachibwano, zanga zikungothawira pansi pa tebulo. Anandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawayankha kuti ine ndikufuna kudya, osati kuyang'anizana nazo.

Kachidutswa kachiwiri ndinakadyera panja, kuseri kwa nyumba yogona, nditavala jekete. Ndinameza! Kanakhala pakhosi ngati kakuganiza zobwerera, kenako kanatsika. Galu wa mwini nyumba anabwera, kununkhiza paketi, n'kubwerera chafutambuyo.

Taeho anaimba. "Mukupuma bwino, amayi?" Ndikupuma ndi pakamwa, mwanawe.

Lachitatu, 8 Januwale. Naju.

Pano ndiye pasukulu yeniyeni. Msewu wa hongeo m'mbali mwa mtsinje suchita kufunsa, mphuno imakufikitsa yokha. Achemwali anamanga mpango kumaso n'kutsalira pakona, pa shopu ya makeke a mpunga.

Mphunzitsi wanga ndi Mayi Pyo, wamfupi, magolovesi ofiira, mawu ngati a bambo. Ndinamuuza zonse. Anaseka mpaka kukhala pansi. "Mwana wakuponyerani m'madzi, achemwali. Khalani apa, tikuphunzitseni kusambira."

Malamulo ake. Osaidya yokha. Pansi kimchi yakale yowawasa, kabichi wathu wosasitsa wa tsabola uja, pakati nyama ya nkhumba yowiritsa, pamwamba nsomba, zonse m'kamwa kamodzi. Osapuma ndi mphuno mpaka utameza. Kenako mowa wa mpunga wozizira, mbale yathunthu. Ali ndi mitsuko itatu: yofatsa, yapakati, ndi ina imene amaitchula kuti apongozi.

Yofatsa, zidutswa zinayi. Yapakati, ziwiri. Khungu la m'kamwa kumwamba lasupuka ngati pepala lonyowa. Akuti ndiye kuti nsomba yakulandira.

Nkhumba yake koma, mayo! Youma ngati nsapato. Anaiwiritsa pamoto waukali n'kuidula ikadali yotentha. Ndinayesa kudzigwira, zinakanika. Ndinalowa kukhitchini kwake kumusonyeza. Iye kundiphunzitsa nsomba, ine kumuphunzitsa nkhumba, ndipo mowa sanandilipiritse.

Anandifotokozeranso kuti kale ngalawa zinkachoka ku Heuksan ndi nsomba, masiku ambiri panyanja, kenako kukwera mtsinje mpaka pano. Nsomba zina zonse zinkawonongeka, hongeo yokha ndiyo inkafika yodyeka. Zina zimene ananena sindinazimve, m'makutu munali kulira. Koma mfundo ndaitola: ngati kuno, kutali chonchi ndi kwawo kwa nsombayi, ili yaukali motere, nanga kuchilumba komweko? Kumeneko iyenera kuti imapha ntchentche zili m'mwamba. Ndiyenera kufika pa mtsuko wachitatu.

Lachinayi, 9 Januwale. Naju.

M'mawa msuzi wa ng'ombe. Wabwino, woyera bwino. Wanga umauposa, koma pang'ono.

Masana apongozi. Mayi Pyo anatsegula mtsuko, mphaka wake anatuluka panja. Anandidulira mphuno ya nsombayo, yoterera, akuti ndi gawo la alendo olemekezeka. Ndinatseka maso, kuganiza za Narae akupempha mpunga wachiwiri, n'kuponya m'kamwa.

Sindidziwa kuti ndinapita kuti. Pobwerako ndinapeza ndagwira tebulo ndi manja onse, misozi ili chuchuchu mpaka m'khosi, abambo atatu a tebulo lina akuwomba m'manja. Mmodzi anandithirira mowa. "Mayi wa ku Busan ameneyu ndi mwamuna!"

Misozi imeneyo yandidabwitsa. Ine sindilira. Pa maliro a bambo ake a Taeho ndinali pa mphika masiku atatu kudyetsa olira, nthawi yolira ndekha sinapezeke, ndipo pambuyo pake inali itapita. Lero nsomba yandiliza pamaso pa anthu osawadziwa, n'kutuluka m'menemo thupi lili pepuu. Ndinadyanso chidutswa chachiwiri popanda wondikakamiza.

Fungo lalowa mu jekete, m'tsitsi, mpaka mu ndalama. Wogulitsa matikiti anazilandira ndi zala ziwiri. M'basi yopita ku Mokpo mipando inayi yondizungulira inali yopanda anthu. Achemwali anakhala kutsogolo, ndipo nditawaitana kuti andipatse lalanje anauza mayi woyandikana nawo kuti, "Sindikuwadziwa, angonditsatira kuchokera ku Jinju."

Lachisanu, 10 Januwale. Mokpo.

Ana afika. Taeho wameta, wagula suti, nkhope ngati wopita kukhoti. Mphatso wanyamula bwino: nyama ya ng'ombe, mapeyala a m'bokosi, botolo la mowa wodula. Mtengo wake sindinafunse kuti ndigone bwino.

Narae anandikumbatira, kenako n'kununkhiza phewa langa. "Amayi, mwadzera ku Naju! Simukanatha kudikira?" Ndinati chilakolako, mwanangu. Taeho anayang'ana kudenga. Narae akuti bambo ake akhala akukonzekera kubwera kwanga kwa mwezi wathunthu ndi theka, salola munthu kuyandikira kumene akukonzera. Nsomba ya mwezi ndi theka! Ya Mayi Pyo ija inali ya mwezi umodzi.

Madzulo nakji wamoyo, nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu, miyendo yake yoduladula ikuyendabe m'mbale, kukakamira timitengo todyera. Achemwali wina unawamata patsaya. Taeho anameza wake mwaulemu, maso ali tuzu. Ine pambuyo pa Naju chilichonse ndi phala.

Pakati pa kudya Narae anati apeza kanyumba pafupi ndi chipatala chake, mawindo oyang'ana kunyanja, ndipo Taeho amulonjeza ntchito pamalo okonzera sitima kuno. Kuno ku Mokpo. Ndinkadziwa kale, anandiuzapo. Kungoti sindinakuone ndi maso kutalika kwake. Ndinati n'zabwino, mawindo akunyanja amachita dzimbiri msanga, azipaka mafuta. Nkhani inapita kwina.

Mphepo yayamba. Akuti sitima ya mawa inyamuka, koma za kubwerera adziwa ndi Mulungu.

Loweruka, 11 Januwale. Heuksan.

Nyanja. Sindifuna kulembapo zambiri. Zonse zimene ndadya kuyambira ku Jinju ndazionanso.

Pagombe a Mun ndi akazi awo, Mayi Seol. Bamboyo wamtali, wakuda ndi mphepo, manja ngati mafosholo. Anawerama, ine kuwerama, mawu ake onse: "Mwavutika." Mayi Seol ndiye amalankhulira banja lonse. Atandiona nkhope yotumbuluka anati zokambirana zonse mawa, lero phala la nkhono ndi kugona pansi pofunda.

Chodabwitsa: mudzi sununkha. Ndinkayembekeza kuti fungo litichingamira panyanja. Mphepo yamchere basi, ndi nsomba zoyanika pazingwe. Koma kuseri kwa nyumba kuli kashedi kokhoma ndi loko, ndipo nditadutsa pafupi ndinamumva mdani wanga ali m'katimo, akundidikira.

Lamulungu, 12 Januwale

Ndilembe bwinobwino, ndisaiwale kanthu.

Tebulo lalitali pansi, ife uku, iwo uko. Taeho anagwada mpaka chipumi kugunda pansi, suti inalira kumsana. Anathirira a Mun mowa ndi manja awiri, theka linapita patebulo. Bamboyo osaseka, osakwiya, kungomuyang'ana ngati akuyesa kulemera kwa nsomba.

Kenako anatuluka n'kubwera ndi mbale ataitambasulira kutali ndi nkhope. Mayi Seol anatsegula mawindo onse, Januwale yemweyu. Achemwali anati akukaona nyanja, koma anangofika pakhomo, chidwi chinawabweza.

"Ndamva kuti mumaikonda yokhwima. Ndaika ndekha mumtsuko, ndi mapesi a mpunga." Mawu ambiri chonchi a Mun anali asanalankhulepo.

Ndinatenga. Mayi Pyo, mtsuko wako wachitatu uja ndi mkaka wa ana. Iyi inandimenya pakati pa maso. Koma ndinameza, n'kunena kuti, "Yakoma." Mawu anatuluka ngati a mbuzi.

Mwini nyumba sangasiye mlendo adye yekha. Anatenga nawo. Ndinaona mtsempha wa pakhosi pake ukudumpha. Ndinatenga chachiwiri kuti asandikayikire. Iyenso chachiwiri. Chachitatu, chachitatu. Tonse misozi, tonse mamina, tikugwedezerana mitu mwaulemu. "Idyani, idyani." "Ayi, yambani ndinu." Ana akungotiyang'ana.

Pa chachisanu Mayi Seol anamenya tebulo. "Bambo ake a Narae, mufuna kundisiya wamasiye chifukwa cha manyazi? Auzeni!" A Mun anangopukuta misozi. Ndiye Mayi Seol anatiuza okha, akuseka mpaka kugwira nthiti. Kuno kuchilumba hongeo amaidya yaiwisi, yongovuulidwa kumene. Yoolayo ndi ya anthu a kumtunda, amene kale inkawafika mochedwa. A Mun zaka makumi anayi panyanja, yoola saiyandikira n'komwe. Atamva kuti mayi a mkamwini amaifera, anaimbira mnzawo wa ku Naju kufunsa kaikidwe kake, ndipo milungu iwiri yathayi akhala akulowa m'shedi m'mawa uliwonse kukadya kachidutswa kuti asadzachite manyazi pamaso panga. "Amatulukamo akulira ngati ng'ombe. Galu anasamukira kwa aneba."

Ndiye izi n'zimene Mayi Pyo ankanena tsiku lija, ine makutu akulira.

Tikanalekera pomwepo. Koma achemwali anga pakamwa pawo palibe chitseko. "Ha! Ndiye mwapezana! Uyunso sabata yonse wakhala akudzizunza kuyambira ku Jinju, watseka ndi shopu yomwe. Poyamba ankalavulira musinki. M'basi anthu anamuthawa ngati wa khate!"

Taeho nkhope yoyera ngati mpunga. Narae kumuyang'ana Taeho. A Mun anaika timitengo pansi mwakachetechete. "Ndiye kuti nsomba yanga simuikonda." Ndinati yoolayi ndikuiphunzira, yaiwisiyo sindinailawepo. Anayang'ana Taeho nthawi yaitali, kenako anadzuka, kuvala nsapato, n'kutsikira kugombe.

Mayi Seol anabweretsa yaiwisi. Yofiira bwino, yofewa, yomata pang'ono palilime ngati keke ya mpunga, yopanda fungo ngakhale pang'ono. Nsomba yokoma kuposa zonse zimene ndadya ulendo uno, koma palibe amene anaidya mokondwa. Bamboyo sanabwere mpaka tadzuka patebulo.

Achemwali sindikuwalankhula. Taeho wakhala panja pamwala, suti ikadali m'thupi. Ndikuopa. Mwana uyu akakanidwa pano sadzayesanso, ndikumudziwa.

Lolemba, 13 Januwale

Sitima kulibe, nyanja yatseka. Tatsekeredwa pachilumba ndi munthu amene sakutilankhula.

Sindingathe kukhala manja lende. Ndinapempha Mayi Seol khitchini. Mufiriji anali ndi nyama ya nkhumba ya pamimba, yabwino ndithu. Moto wochepa, adyo, jinja, supuni ya phala la soya, kuisiya izizirire mumsuzi mwake, kudula mopyapyala. Iwo anafukula kimchi ya zaka ziwiri. Tinaphika tikucheza ngati tinakulira limodzi. Akuti amuna awo dzulo anakhala m'boti lomangirira mpaka mdima, osachita kanthu. "Musawaope. Mtima wawo uli ngati mphika wadothi, umachedwa kutentha."

Masana a Mun analowa, kusamba m'manja, kukhala. Anadya nkhumba yanga zidutswa zitatu. Chachinayi anachitembenuza uku ndi uku. "Iyi ndiye nkhumba."

Kenako kwa Taeho: "Iwe, unandinamiza." Taeho anagwadanso, msoko wa suti unamalizika. "Ukadzamunamiza mwana wanga chonchi, ndidzakuika mumtsuko uja." Ndinati ndidzabweretsa mapesi ndine.

Ndipo anatembenukira kwa ine. Mawu awa ndiwasunga. "A ku Seoul aja anakankha mbale. Inu mwatseka shopu." Anandithirira mowa ndi manja awiri aja. "Mwezi wa Meyi nyanja imakhala bata, asewere."

Asewere! Narae analira, Taeho analira, achemwali analira mokweza kuposa onse ngati si iwo anayatsa moto. Mayi Seol anayamba kale kuwerenga alendo pa zala. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Mwana wanga akukwatira!

Phokoso lili m'kati, a Mun anadzuka n'kukatenga mbale ya dzulo ija, yoola. Akazi awo anakuwa kuti mwapenga kodi, seweroli latha. Iye anatenga chidutswa chachikulu, popanda nkhumba, popanda kimchi, n'kutafuna pang'onopang'ono akuyang'ana Narae. Misozi kutsika m'makwinya mpaka pachibwano. Onse ankaseka, amvekere taonani, ayamba kuikonda. Anandisunthira mbaleyo n'kunena motsitsa, kuti ndimve ndekha: "Ubwino wake ndi umodzi, asewere. Palibe amafunsa za misozi."

Narae ndi mwana wawo womaliza. Ndinatenga nanenso.

Lachinayi, 16 Januwale. Busan.

Tabwerako dzulo. Achemwali anenepa, akuti masiketi onse awathina ndipo mlandu ndi wanga. Alamu anapsereza mapoto awiri.

Shopu yatsegulidwa. Mafupa pamoto mbandakucha. Anyamata a kudoko akudandaula ngati ndinawasiya kuchipululu. A Gong: "Sukulu ija mwakhoza?" Ndinati ndakhoza, mu Meyi akonzeke kudya za ukwati, agule jekete labwino.

Taeho anatsalira ku Mokpo, kukaona kanyumba kaja ndi kusainira za ntchito. Abwera Lamulungu kudzalongedza zina. Akuti makatani asankha obiriwira.

Madzulo, nditatseka, ndinapakula mbale ziwiri monga mwa masiku onse. Ya Taeho ya nyama yambiri, yopanda anyezi. Ndinazindikira nditaika kale patebulo.

Mayi Seol anandipakira zotsala za mumtsuko uja, mapepala apulasitiki asanu ndi bokosi, akuti zichoke pachilumba pawo. Ndinati ndikapatsa a Gong. Zili mufiriji ya kuseri.

Msuzi wake ukuzizira apo. Ndatseka mawindo, ndatenga timitengo. Kachidutswa kamodzi kokha, misozi ituluke, kenako ndikagone.